DaVinci Resolve yaulere posanthula chiyambi cha filimu: imagwira bwino ntchito, koma imasankha laputopu

Ntchito yosanthula mphindi zitatu kapena zisanu zoyambirira za filimu imaoneka yopepuka mpaka mutakhala pansi kuti mulembe. Mphunzitsi safuna kumva zoti chiyambicho ndi chokoma. Amafuna mumuuze kuti muli ma shot (tizigawo tojambulidwa mosadula) angati, iliyonse yatalika bwanji, kamera yaima pati, kuwala kukuchokera mbali iti, komanso ngati nyimbo yalowa chithunzi chisanasinthe kapena chitasintha kale. Zimenezi ndi zoyeza, ndipo maso paokha sayeza. Ophunzira ambiri a zautolankhani ndi zamakanema mu Lilongwe muno amadalira VLC, pulogalamu yoonerera makanema, chifukwa ndi imene ili kale mu laputopu. Ena amva kuti DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera makanema, ili ndi mtundu waulere ndipo akufunsa ngati ndi yoyenera kuiwonongera bandulo. Yankho ndi lakuti inde, pa ntchito imeneyi ikuposa VLC kutalitali, koma pokhapokha laputopu yanu ili ndi mphamvu komanso fayilo ya filimuyo mwaikonza kaye.

Resolve imapangidwa ndi kampani ya ku Australia ya Blackmagic Design, imene inagula pulogalamuyi mu 2009. Poyamba inali ya akatswiri okonza mitundu ya zithunzi basi, koma lero ili ndi mbali yodulira kanema, yokonzera mawu ndi zina. Pali mtundu wogula wotchedwa Studio, wa madola 295, ndi waulere. Waulerewo sutha ntchito pakapita masiku, ndipo suika chidindo pa kanema wanu kupatula mukakhudza zida za Studio. Pa zosanthula, pafupifupi zonse zofunika zili mu waulere.

Kuti muone chimene mukupindula, yambani mwaona pamene VLC imalekezera. Ndi yopepuka, pafupifupi 40 MB, ndipo imatsegula fayilo ya mtundu uliwonse. Batani la E limasuntha kanema frame imodzi kutsogolo (frame ndi chithunzi chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema). Shift ndi S pa Windows imajambula chithunzi cha pomwe mwaimitsa. Mabatani a [ ndi ] amachepetsa kapena kuwonjezera liwiro, ndipo mukatsegula Advanced Controls pa View mumapeza batani lobwereza kachigawo kamodzi kuchokera pa A kufika pa B. Zonsezi ndi zabwino. Vuto ndi lakuti ilibe batani lobwerera frame imodzi kumbuyo. Mukadutsa podulira, pamene shot ina yathera n'kuyamba ina, ndi frame imodzi yokha, muyenera kubwerera masekondi atatu ndi Shift ndi muvi wa kumanzere, n'kuyambanso kudina E kambirimbiri. Chachiwiri, wotchi yake imawerenga masekondi, osati ma frame. Filimu yambiri imayenda ma frame 24 pa sekondi, ndiye shot ya ma frame 10 ndi ya ma frame 30 zonse zingaoneke ngati sekondi imodzi. Pa chiyambi chodekha zilibe kanthu kwenikweni. Pa chiyambi chothamanga, chimene anthu akuthawana mumsika ndipo chithunzi chikusintha kawiri pa sekondi, manambala anu onse amakhala ongoganizira. Chenjeraninso ndi mabatani a A ndi C mu VLC: loyamba limasintha maonekedwe a chithunzi kuti chitambasuke kapena chipanikizike, lachiwiri limadula m'mbali. Mukawakhudza mwangozi mukhoza kulemba ndime yonse yofotokoza kaimidwe ka anthu pa chithunzi chimene wojambula sanajambule.

Mu Resolve mivi ya kumanja ndi kumanzere imayenda frame imodzi mbali zonse ziwiri. J imabweza, K imaimitsa, L imapititsa patsogolo, ndipo mukadina L kapena J kawiri liwiro limakwera. Wotchi imaonetsa maola, mphindi, masekondi ndi ma frame. Izi zokha zikukwanira kusintha ntchito yonse. Chimodzi chosokoneza oyamba: wotchiyo imayambira pa 01:00:00:00, osati pa ziro. Si kuti yawonongeka, ndi chizolowezi cha m'nyumba zoulutsira mawu. Dinani kumanja pa timeline yanu (mzere woyalapo kanema motsatira nthawi) mu Media Pool (mosungira mafayilo a ntchito yanu), pitani pa Timelines, musankhe Starting Timecode n'kuika maziro okhaokha, kuti nthawi zimene mulembe zigwirizane ndi zimene mphunzitsi aone akamaonera filimuyo pake.

Chida chimene chimapulumutsa nthawi yambiri ndi Scene Cut Detection, chimene chimapeza chokha podulira. Pali ziwiri zofanana mayina ndipo zimasokoneza anthu. Ya Detect Scene Cuts imene ili pa Timeline ndi ya Studio. Yaulere ili pa tsamba la Media: pezani fayilo yanu mu Media Storage musanailowetse mu Media Pool, dinani kumanja, musankhe Scene Cut Detection, kenako Auto Scene Detect. Pulogalamu imayerekeza frame iliyonse ndi yotsatira, ndipo pamene pali kusiyana kwakukulu imaika kamzere koima. Pamakhalanso mzere wopingasa umene mumaukweza kapena kuutsitsa. Timizere todutsa pamwamba pake ndi timene timawerengedwa kuti ndi podulira. Mukakhutira, dinani Add Cuts to Media Pool, ndipo chiyambi chija chimagawika m'ma shot ake, iliyonse ndi kutalika kwake.

Musaikhulupirire osaiona. Imapeza bwino podula mwachindunji, koma imalephera pamene chithunzi china chikusungunukira mu chinzake, kapena pamene chikuzimiririka kupita mumdima, chifukwa kusintha kwake kumachitika pang'onopang'ono ndipo palibe ma frame awiri oyandikana osiyana kwambiri. Imalakwitsanso mbali inayi: mphezi ikang'anima, galimoto ikadutsa pafupi ndi kamera, kapena kamera ikatembenuka mwachangu, imaona ngati padulidwa pomwe sipanadulidwe. Pamwamba pa zenera lake pali tizithunzi titatu. Podulira penipeni, ka kumanzere kamakhala kosiyana ndi tiwiri tinato, ndipo tiwirito timafanana. Yendani podulira paliponse mukuyang'ana tizithunzi timeneti, kufufuta zabodza ndi Delete ndi kuwonjezera zosowa ndi Add. Pa mphindi zisanu za filimu ntchito imeneyi si yaitali, ndipo ndi pomwe mumayamba kuizindikira filimuyo. Kusungunuka kulikonse kumene makina aphonya ndi chinthu choti mulembe, popeza wodula filimu sasankha kusungunula popanda chifukwa: nthawi zambiri akunena kuti papita nthawi, kapena kuti malo awiriwo ndi olumikizana m'maganizo a munthu wina.

Mukakhala ndi chiwerengero cholondola, kutalika kwa shot mwapakatikati n'kosavuta kupeza. Gawani masekondi onse ndi kuchuluka kwa ma shot: mphindi zitatu ndi masekondi 180, ndiye ngati ma shot ali 30, yankho ndi masekondi 6. Koma nambala imeneyi payokha imabisa zambiri. Chiyambi chimene chili ndi shot imodzi ya mphindi yathunthu kenako timashot 29 tothamanga chimapereka 6 yemweyo ngati chiyambi chimene ma shot ake onse ndi ofanana. Lembani kutalika kwa iliyonse motsatana mu Excel, mujambule girafu, muone pamene ikutsika. Kawirikawiri pamene ma shot ayamba kufupika ndi pamene nkhani yayamba kutentha, ndipo ndime yanu yamphamvu ili pomwepo. Palinso mafilimu amene kuwerenga kotere sikuthandiza konse. Touch of Evil ya Orson Welles, ya mu 1958, imayamba ndi shot imodzi yopitirira mphindi zitatu yosadulidwa. Scene Cut Detection siipezamo kanthu, ndipo zonse zofunika zili m'kayendedwe ka kamera. Filimu yomweyi ikuphunzitsanso kufunika kotchula mtundu umene mwasanthula: umene unatuluka mu 1958 uli ndi mayina a ochita filimu olembedwa pamwamba pa shot imeneyi, pomwe umene unakonzedwanso mu 1998 ulibe, ndipo mawu ake ndi osiyana.

Apa ndi pamene zizindikiro zimathandiza. Mukadina M pamaikidwa chizindikiro pa frame imene mwaima, mukadinanso M pamatseguka kabokosi kolembamo dzina, ndemanga ndi mtundu. Gawani mitunduyo musanayambe ndipo musaisinthe: mwachitsanzo yobiriwira ya kamera ikayamba kapena ikasiya kuyenda, yachikasu ya mawu ndi nyimbo, yofiira ya zolembedwa pa chithunzi, yabuluu ya munthu watsopano akaonekera. Mukamaliza, mukangoyang'ana timeline mumaona pamene mitundu yaunjikana. Shift ndi muvi wa m'mwamba kapena wa pansi imakudumphitsani kuchoka pa chizindikiro china kupita pa china. Chokhumudwitsa n'chakuti kutulutsa ndemangazo kuti zilowe mu Word si kokongola. Njira ya Timeline Markers to EDL imapereka fayilo yotseguka mu Notepad, yodzaza manambala, yofuna kuyeretsa ndi manja. Pulogalamu yaikulu chonchi ikanatha kuchita bwino pamenepa.

Pa nkhani ya kuwala ndi mitundu, Resolve ili pakwawo. Tsamba la Color lili ndi ma scope, omwe ndi magirafu oyeza chithunzi. Waveform imaonetsa kuwala kuyambira pa 0, mdima weniweni, kufika pa 1023, kuyera kwenikweni, ndipo kumanzere kwa girafu ndi kumanzere kwa chithunzi. M'malo molemba kuti chithunzicho n'chamdima, mukhoza kunena kuti pafupifupi chonse chili pansi pa girafu kupatula kachigawo kamodzi kowala pa zenera la kumanja, ndiye diso la woonera likukokedwera kumeneko. Parade imagawa chithunzi mu zofiira, zobiriwira ndi zabuluu. Ngati yofiira yakwera kuposa yabuluu m'ma shot onse a kumudzi koma n'kutsika m'ma shot a m'tauni, mwapeza umboni woti wopanga filimu anasiyanitsa dala malo awiriwo. Vectorscope imaonetsa mtundu ndi kukhathamira kwake, ndipo ili ndi mzere wa khungu umene mumauyatsa mu zosankha zake. Ambiri amaganiza kuti mzerewu ndi wa azungu okha. Ayi, khungu lakuda nalo limagwera pafupi ndi mzere womwewo, chimasiyana ndi kuwala kwake. Ngati nkhope yapatuka kwambiri kupita ku zobiriwira kapena zabuluu, mwina ndi nyali imene anagwiritsa ntchito kapena anakonza dala. Ma scope ali ndi phindu linanso kwa ife kuno: malaputopu ambiri akale ali ndi sikirini imene mitundu imasintha mukangopendeketsa mutu, ndipo ena amaiwala kuti anayatsa Night light ya Windows imene imachititsa zonse kuoneka zachikasu. Girafu sinamizidwa ndi sikirini. Kuti mujambule chithunzi choika mu lipoti, dinani kumanja pa kanema pa tsamba lomweli, musankhe Grab Still, kenako muchitulutse mu Gallery ngati JPEG kapena PNG.

Girafu ingakuuzeni kuti chithunzi chafiira, koma singakuuzeni kuti kufiirako ndi fumbi la mwezi wa October, moto wa lupsa, kapena mkwiyo wa munthu. Lipoti lodzaza ma scope lopanda tanthauzo silimaposa lipoti la munthu amene anangoonera mwachidwi pa VLC.

Kumbali ya mawu phindu lake ndi locheperapo koma lilipo. Mukaika ma shot pa timeline, pansi pake pamaoneka mafunde a mawu, ndipo mumatha kuona ndi maso pamene phokoso la malo otsatira layamba chithunzi chisanasinthe, chimene odula amachitcha J-cut, kapena pamene mawu a shot yapita akupitirira pa chithunzi chatsopano, L-cut. Werengani ma frame a kusiyanako. Chimene yaulere singachite ndi kupatula nyimbo ndi zolankhula zimene zinasakanizidwa kale. Choncho njira yakale ikadali yabwino: onerani kamodzi mutazimitsa mawu, kenako mumvere kamodzi mutatseka maso, ndi mahedifoni, osati masipika a laputopu amene sagwira mawu otsika. Kung'ung'udza kwa pansipansi kumene opanga mafilimu amaika kuti woonera akhale ndi nkhawa sikumveka n'komwe pa masipika amenewo.

Tsopano zovuta zake, ndipo si zazing'ono. Fayilo yoikira pulogalamuyi imapitirira 2 GB, ndipo musanaitenge mumayenera kulemba dzina ndi imelo pa tsamba la Blackmagic. Pa bandulo ya Airtel kapena TNM imeneyi ndi ndalama. Nzeru ndi yakuti mmodzi m'kalasi aitenge, makamaka usiku kapena pa Wi-Fi ya pasukulu, ena atengere pa fulashi. Onse aike mtundu umodzi, chifukwa ntchito yosungidwa mu Resolve yatsopano sitseguka mu yakale.

Chachikulu ndi mphamvu ya kompyuta. Eni ake amati pafunika RAM ya 16 GB ndi GPU (chipangizo choyendetsa zithunzi mu kompyuta) yabwino. Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amagulitsidwa m'mashopu a ku Area 2 ndi ku Area 3 ali ndi 4 GB kapena 8 GB, ndi Intel HD Graphics yakale. Pa 4 GB musavutike n'komwe. Pa 8 GB imatha kutseguka ndi kugwira ntchito ya kagawo ka mphindi zisanu, makamaka ngati muli SSD, koma mutseke Chrome ndi zina zonse. Ikakana kutseguka n'kulemba za GPU, yambani mwaika driver (kapulogalamu koyendetsa GPU) yatsopano ya Intel, NVIDIA kapena AMD. Ikakanabe ndiye kuti makinawo ndi akale kwambiri. Ngati kanema akudukizadukiza, pa Playback pali posankha kuti chithunzi chionetsedwe pa Half kapena Quarter. Resolve imadyanso batire mofulumira, ndiye tsiku limene magetsi a ESCOM athima m'dera lanu musayembekezere kugwira nayo ntchito nthawi yaitali. Onetsetsani kuti Live Save ndi Project Backups zayatsidwa mu Preferences, pa Project Save and Load. Mukamaliza tsiku, tulutsani ntchito yanu ndi Export Project. Kafayilo ka .drp kamene kamatuluka n'kakang'ono chifukwa mulibe kanema, muli zodula ndi zizindikiro zokha. Mukakapititsa pa kompyuta ina popanda fayilo ya filimu mudzaona Media Offline yofiira. Muyenera kunyamula zonse ziwiri n'kuzilumikiza ndi Relink.

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira Resolve amachokera ku fayilo. VLC imameza chilichonse, Resolve imasankha. Kanema wojambulidwa pa foni kapena wojambulidwa kuchokera pa sikirini nthawi zambiri ma frame ake sayenda pa liwiro limodzi, ndipo mu Resolve mawu amayamba kutsalira kapena kutsogola, zimene zimawononga kusanthula kwa mawu konse. Mafayilo ena amalowa chithunzi chokha opanda mawu. Mankhwala ake ndi HandBrake, nayonso yaulere. Tsegulani filimuyo, pa Range musankhe Seconds n'kuika kuyambira pa ziro kufika pa mphindi zisanu kapena pamene chiyambi chathera, kuti musasenze filimu yonse. Sankhani Fast 720p30 ngati laputopu ndi yofooka, mtundu ukhale MP4. Pa Video, Framerate ikhale Same as source ndipo musankhe Constant Framerate. Pa Dimensions chotsani kudula m'mbali, chifukwa HandBrake imadula yokha mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi. Ngati filimu imasintha kukula kwa chithunzi mkati mwa chiyambi, monga ena amachitira posonyeza zakale, ingakuduleni zofunika. Mawu akhale AAC. Mukamalowetsa fayiloyo koyamba, Resolve imafunsa ngati isinthe frame rate (kuchuluka kwa ma frame pa sekondi) ya ntchito yanu kuti igwirizane ndi ya fayilo. Vomerani nthawi yomweyo, chifukwa kanema akangolowa mu Media Pool nambalayo imatsekeka.

Yang'ananinso frame rate ya fayilo yoyambirirayo. Mu VLC dinani Ctrl ndi J. Ngati ikuti 25 pa filimu imene inapangidwira holo zoonetsera makanema, mwina inachokera pa DVD ya PAL (mtundu woyenda ma frame 25 pa sekondi) kapena pa wailesi ya kanema, kumene filimu ya ma frame 24 imathamangitsidwa kufika pa 25. Zikatero chilichonse chimafupika ndi pafupifupi 4 pa 100 aliyense: masekondi 180 amakhala 172.8, ndipo nyimbo imakwera pang'ono. Si tsoka, koma lembani m'lipoti kuti mwagwiritsa ntchito fayilo yotani, kuti manambala anu akasiyana ndi a mnzanu padziwike chifukwa.

Nanga filimuyo muitenga kuti? Ambiri amafuna kusanthula The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, popeza inajambulidwa kuno ndipo nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu timaidziwa. Koma ya pa Netflix ndi yotsekedwa: singalowe mu Resolve kapena mu VLC, ndipo mukayesa kujambula sikirini nthawi zambiri pamatuluka chithunzi chakuda. Pa yoteroyo mubwerere ku pepala, wotchi ndi batani loimitsa. Makope a mafilimu amene amatengedwa m'malo oikira mafilimu pa fulashi, kupatula nkhani ya lamulo la umwini la mu 2016 limene COSOMA imayang'anira, amakhala opanikizidwa kwambiri moti mbali zamdima zimasanduka timabokosi, ena anadulidwa m'mbali, ena ali ndi chidindo pakona. Kuyeza mitundu pa kope lotero n'kuyeza ntchito ya wokopera, osati ya wojambula. Pophunzirira, mafilimu afupiafupi a bungwe la Blender monga Sintel ya mu 2010 ndi Tears of Steel ya mu 2012 amaloledwa kutengedwa mwaulere ndipo mafayilo ake ndi oyera. Pa mafilimu a kuno kwathu, njira yabwino ndi yakuti mphunzitsi alembere wopanga filimuyo kupempha kagawo koyambirira kuti kagwiritsidwe ntchito m'kalasi.

Amene laputopu yake yakana Resolve asabwerere ku VLC yokha. Shotcut ndi yaulere, ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza, imayenda frame imodzi kutsogolo ndi kumbuyo, imaonetsa ma frame pa wotchi, ili ndi zizindikiro komanso ma scope angapo. Podulira mudzapeza nokha ndi manja, kudina S paliponse pamene chithunzi chasintha, ndipo pa mphindi zitatu za filimu imeneyo ndi ntchito ya madzulo amodzi. Fayilo ija yokonzedwa ndi HandBrake imagwira ntchito chimodzimodzi mu Shotcut. Ngati gulu lanu lili ndi laputopu imodzi yokha yamphamvu, gawanani: kuwerenga ma shot ndi kumvera mawu kuchitike pa Shotcut m'malaputopu enawo, ndipo ya Resolve isungidwire tsamba la Color, nonse mukugwiritsa ntchito fayilo imodzi yomweyo kuti nthawi zanu zigwirizane mpaka pa frame.